Tsiku Limene Atate Anavomela Kupha Mzungu

Ndikukumbukila mwezi wa Okutobala wa chaka chimene galimoto ya baisikopo inabwela ku Petauke ndi filimu ya mlandu wa kupha munthu. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi shuga tinkaziimila pamzele, ndipo ine ndinali kamtsikana ka giledi faifi kokhulupilila kuti pansi pano palibe chinthu chimene atate sanachiwelenge. Galimoto imeneyi tinali titaizolowela. Inkatibweletsela mafilimu a kathilidwe ka feteleza, a kakumbidwe ka chimbudzi, ndi a akuluakulu akudula maliboni kutsogolo kwa nyumba zatsopano. Tinkaombela m'manja zonsezi, ngakhale chimbudzi chomwe.

Koma ulendo umenewu dalaivala analengeza pamsika kuti Loweluka, ikatha ya feteleza, kudzakhala filimu yeniyeni ya azungu: nkhalamba yolemela yafa ndi chiphe, ndipo wofufuza milandu ayenela kupeza amene waipha. Atate, a Daka, anali mphunzitsi wa Chizungu pa sukulu yathu. Atamva dzina la filimuyo anabwela kunyumba ali wefuwefu, nakatulutsa m'sutikesi kabuku kakale kofiilila masamba, konunkha mphemvu, kamene anagula ali ku koleji. Filimuyo inali yochokela m'buku lomwelo. Analiwelenga kambilimbili mwakuti ankadziwa ngakhale tsamba limene wophika amagwetsa mbale. Nkhaniyi itafika kwa a Mwanza, cheyamani wa chipani m'dela lathu, anatumiza uthenga kuti popeza Chizungu cha m'mafilimu chimatulukila m'mphuno, a Daka ndiwo adzaime kutsogolo ndi chokuzila mau kumasulila anthu.

Chinsinsi cha wakupha atate anachisunga bwino ndithu. Anauza amai okha. Kenako anauza ahedi okha, wometa tsitsi yekha, ndi munthu aliyense amene anakumana naye panjila, payekhapayekha. Pofika pakati pa sabata, Petauke yonse inkadziwa kuti wakupha nkhalamba ija ndi dokotala wa ziweto, amene anathila mankhwala a akavalo m'kapu ya tiyi.

Vuto linali lakuti dokotala wa ziweto tinali naye wathuwathu, ndipo ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu. Anali a Chileshe, Mbemba wochokela ku Kasama, amene boma linawatumiza kudzabaya ng'ombe jekiseni ndi kuyang'anila dipi. Ankaseŵela dilafuti ndi atate madzulo alionse, akutukwanana mwa chimbuya monga timachitila ife akum'mawa ndi Abemba, ndipo mwana wao Chanda ndiye anali mnzanga wogawana naye chitumbuwa chimodzi. Tsoka ilo, chaka chapitacho ng'ombe zambili zinafa ndi matenda cha ku Msanzala, ndipo eni ake ena anali asanaleke kunong'ona kuti zinafa ndi jekiseni. Ndiye nkhani ya atate ija inagwela pa nthaka yolimidwa kale. Pamsika azimai ankavundikila makapu ao ndi dzanja a Chileshe akamadutsa. Poyamba iwo ankaseka nao, koma Lachinai sanabwele ku dilafuti, ndipo m'mawa mwake Chanda anadya chitumbuwa chake yekha, atandifulatila.

Filimu inaonetsedwa masana mu holo ya welofeya. Mawindo anawatseka ndi masaka a nshawa kuti mukhale mdima, ndipo pamodzi ndi kuwala anatsekela kunja mpweya wonse. Munkanunkha thukuta, fodya wa labu, mafuta odzola ndi utsi wa jeneleta imene inkalila kuseli kwa khoma. Ana tinakhala pansi kutsogolo, simenti ikutentha ngati chiwaya. A Mwanza anakhala pa mpando wokhawo wa ndalema, sajeni Banda wa kupolisi pambali pao, ndipo a Chileshe anasankha benchi ya kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko. Atate anaima pambali pa chinsalu atavala jekete ndi tai m'kutentha konseko, magalasi akung'anima. Bukulo anandipatsa ine kuti ndiligwile, ndipo ndinalikumbatila pachifuwa kuti anzanga onse aone.

Nkhalamba inafa msanga, itagwetsa mutu pa tebulo. Apa m'pamene anthu a Petauke anayamba kukhumudwa ndi azungu. Tinadikila kuti wina agwe pansi ndi kulila, koma mkazi wamasiye anangotulutsa kampango n'kukhudza diso limodzi. Mtembo anaufunditsa nsalu, onse n'kupita chipinda china kukamwa tiyi winanso. Amai Zulu, amene ankagulitsa chikanda pa siteshoni, analephela kupilila.

"Kodi munthuyu alibe abale?" anakuwa. "Wafa ngati nkhuku ya chitopa! A Daka, afunseni ngati atumiza uthenga kumudzi."

Wofufuza milandu atalowa, anatikhumudwitsanso. Anali bambo wamtali wotsimphina, wonyamula ambulela kunja kuli dzuwa. Sanamenye munthu, sanathamangitse munthu, analibe ngakhale unyolo. Ankangonunkhiza makapu, kuyang'ana pansi pa mipando, ndi kufunsa anthu mwaulemu kuti anali kuti nthawi ya tiyi. Sajeni Banda ankapukusa mutu mpaka anatembenukila kwa a cheyamani n'kunena mokweza kuti atapatsidwa anthu amenewo ndi chipinda chimodzi, dzuwa lisanalowe onse akanavomela, ndi mkazi wamasiye yemwe. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu odziwa kuti sajeni sakunama.

Atate anali pa ntchito yao mosangalala. Sankamasulila chabe, ankatsogola. Dokotala wa ziweto akangoonekela ndi chikwama chake chachikopa, iwo ankatsitsa mau n'kunena kuti, "Muyang'anitsitseni ameneyo." Ndipo holo yonse, m'malo moyang'ana chinsalu, inkatembenuka kuyang'ana benchi ya kumbuyo, kumene a Chileshe anakhala atapinda manja, nkhope ili gwa.

Koma ine, podziwa mau a atate, ndinayamba kumva kuti penapake pavuta. Ankayamba chiganizo n'kuchisiyila panjila. Ananena kuti tsopano wophika agwetsa mbale, koma wophika anadutsa ndi mbale zake bwinobwino. Komanso munali munthu wina amene ankaonekaoneka kwambili: mphunzitsi wowonda, wa magalasi, amene ankaphunzitsa mdzukulu wa nkhalamba ija. M'buku munthu ameneyu amangotchulidwa pang'ono n'kukwela sitima. Mufilimu sitima sanakwele. Ankangozungulila m'nyumba, akupukuta magalasi.

"Uyu musataye naye nthawi," atate anatitsimikizila. "Ndi mphunzitsi chabe, munthu wabwino."

Kumapeto wofufuza uja anasonkhanitsa onse m'chipinda chochezela. Analankhula nthawi yaitali, akuloza mmodzimmodzi ndi ambulela yake. Ambulela itafika pa dokotala wa ziweto, atate anakoka mpweya, ife tonse tinadzuka pang'ono, koma dokotalayo anangokomoka ndi mantha n'kugwela pa mpando, ambulela n'kupitilila. Inakaima pachifuwa pa mphunzitsi.

Mphunzitsi uja anavula magalasi n'kuyamba kulankhula. Chokuzila mau chinali zii. Tinkangomva jeneleta ndi Chizungu cha m'mphuno. Atate anaima kukamwa kuli yasa, kuwala kwa chinsalu kukuseŵela pa nkhope yao.

"Masulilani, a Daka," anatelo a Mwanza. "Anthu akudikila."

Atate anali munthu woona mtima pa ntchito. Anakweza chokuzila mau, ndipo ndi mau omwe aja amene ankatiŵelengela nao malamulo a sukulu, anati: "Inde, ndine. Ndine ndinathila chiphe m'kapu. Ndinatopa kuphunzitsa ana a anthu olemela, ine ndikuyenda ndi nsapato zobooka."

Sindinamveponso phokoso ngati limene linatsatila. Azimai analuluta, anyamata anamenya mabenchi, aphunzitsi anzao a atate amene anakhala pamodzi chapakati anaombela m'manja mau a nsapato aja mpaka a cheyamani anawayang'ana. Kumbuyo, a Chileshe anaimilila, anavula chipewa, n'kuŵelama mbali zonse ngati munthu amene khoti lamumasula. Ine ndinabisa buku pansi pa dilesi.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, mlandu unayambanso. Atate anandilanda bukulo n'kumalikupiza m'mwamba, akunena kuti opanga filimu aononga nkhani, asintha wakupha kuti angodabwitsa anthu, ndipo buku ndilo loona chifukwa ndilo linayamba. Palibe anawamvela. Wometa tsitsi anati iye waona ndi maso ake, ndipo pepala silingapose maso. Amai Zulu anati buku ndi filimu zonse n'zabodza, chifukwa palibe dziko limene munthu angafe popanda malilo. Mlimi wina wa ku Msanzala anaumilila kuti dokotala wa ziweto ndiye wakupha ndithu, kukomoka kuja kunali kunamizila, ndipo mphunzitsi wangomuvomelela mlandu chifukwa aphunzitsi ndi anthu ozolowela kuvutika. Sajeni anangoti anamukayikila mphunzitsiyo kuyambila pachiyambi, ngakhale tonse tinawamva akuloza wophika.

Atate, atatenthedwa mutu, anakuwa kuti, "Ndikukuuzani kuti filimu iyi yanama!"

Apo a Mwanza anatsokomola. Anali munthu wolankhula pang'onopang'ono, ndipo akayamba anthu ankasiya ngakhale kutafuna nshawa.

"A Daka," anatelo, "filimu iyi yabwela ndi galimoto ya boma, pa petulo wa boma. Mukufuna kutiuza kuti boma limayenda m'maboma kugawa mabodza?"

Sinali nthabwala masiku amenewo. Chaka chapitacho mphunzitsi wina anadandaula pagulu za kusowa kwa choko, ndipo mwezi usanathe anapezeka akuphunzitsa ku Mwape, kumene kalata inkafika mvula ikatha ndipo njovu zinkadya chimanga cha ahedi. Ndinaona amai, amene anaima chapatali ndi mwana kumsana, akuluma mlomo. Atate anayang'ana buku lao, analilowetsa m'thumba la jekete pang'onopang'ono, n'kunena motsitsa kuti mwina wolemba bukuyo ndiye analakwitsa. Mau amenewo anandiŵaŵa kuposa kuseka konse kwa mu holo. Koma a cheyamani sanaoneke okhutila. Anali akuyang'anabe atate, ngati munthu amene akusunga nkhope kuti akailembe kwina.

Amene anatsegula pakamwa anali a Chileshe, omwe sabata yonse anthu ankawabisila makapu. Anadutsa pakati pa gulu, nagwila atate pa phewa.

"Ba cheyamani, musiyeni kapolo wangayu," anatelo m'Chinyanja chao chopindika. "Wavomela kale mlandu umodzi lelo. Mukamupatsa wachiŵili, ndidzaseŵela dilafuti ndi ndani? Inu akum'mawa nonse mitu yanu inatha ndi kudya mbeŵa."

Mbemba yekha ndiye akanatha kunena zotelo kwa cheyamani wa Chinsenga n'kugona kunyumba kwake. A Mwanza anayesa kulimbitsa nkhope, koma inawakanika. Anaseka, nabwezela kuti odya anyani alibe mau pa msonkhano wa anthu, gulu lonse n'kuseka nao, ndipo nkhani ya boma inathela pomwepo.

Masabata otsatila atate anatiŵelengela buku lonse pakhonde dzuŵa likapepa, akumasulila mutu ndi mutu, ine ndi Chanda titakhalanso pa mphasa imodzi. Chodabwitsa n'chakuti amene analikonda kwambili anali a Chileshe. Atamva mmene dokotala wa ziweto wa m'buku anapusitsila nyumba yonse mpaka tsamba lomaliza, anamenya tebulo n'kunena kuti opanga filimu anawabela ulemu. M'buku anali munthu wanzelu woopedwa. Mufilimu anamusandutsa chitsilu chokomoka pamaso pa akazi. Kuyambila pamenepo iwo ndiwo ankayenda m'tauni kuuza anthu kuti wakupha weniweni anali dokotala wa ziweto, koma tsopano panalibe wowakhulupilila.

Galimoto ija itachoka kwathu inapita ku Nyimba, ndipo kumeneko jeneleta inafa wofufuza atangoyamba kukweza ambulela. Anthu anadikila mpaka kutopa, kenako anagamula okha kuti wakupha ndi mkazi wamasiye, chifukwa cha diso limodzi lija. Azakhali anga a ku Nyimba anakalamba ndi chigamulo chimenecho. Ukawauza za mphunzitsi ankangoti a ku Petauke mumakonda kukometsa nkhani.

Lelo holo ija ndi sitolo ya zitsulo za njinga, ndipo nkhani zotele zadzaza m'mafoni. Mdzukulu wanga amaonela yekha pakona pa mpando, tizingwe tili m'makutu. Ikatha amalemba maganizo ake kwa anthu amene sanawaonepo, kuti buku linali bwino, kuti asintha mathelo, kuti opanga filimu ndi mbava, ndipo palibe amene amamufunsa kuti petulo anali wa ndani. Ndi ufulu umenewo, ndipo sindiunyoza. Koma palibenso womutsutsa maso ndi maso, palibe woluluta, palibe wofunsa ngati uthenga wapita kumudzi. Nthawi zina ndimakhala pambali pake n'kumasuzumila. Mau sindimva, ndimangoona milomo ikuyenda, ndiye ndimadzimasulila ndekha chamumtima n'kusankha wanga womukayikila. Dzulo ndinagwila bambo wina wa nsapato zoyela, ndipo ndinali wotsimikiza ndithu. Mwanayo atachotsa tizingwe ndinamufunsa ngati ndalondola. Anandiyang'ana modabwa n'kundiuza kuti mufilimu imeneyo simunafe munthu, inali ya chikondi.