Ulendo Wokatenga Bambo pa Galimoto ya Alamu

Ine kuyendetsa ndinaphunzirira pa lole. Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, bambo anapeza lole yakale ku Mandimba n'kuyamba kututira anthu malata, simenti ndi matabwa, poti aliyense nthawi imeneyo ankamanga. Mwana wamwamuna analibe, choncho anaphunzitsa ine. Tikamadutsa ku Mitande, anthu ankaimika makasu kuti aone mtsikana akuyendetsa lole. Chiwongolero chake chinali chachikulu ngati lichero, ndipo pokhota ndinkachita kudzuka pampando, kuchikoka ndi manja awiri, kuchizunguza kangapo, thukuta lili kamukamu.

Patapita zaka lole ija inatha, bambo anakakhazikika kumunda ku Itepela, ine ndinakwatiwa ku Cuamba. Kumeneko kunalinso achemwali anga aakulu, amene amuna awo ankagwira ntchito ya njanji. Alamu angawo anadzagula galimoto yaing'ono yoti inayendapo kale kunja, koma yosalala ngati dzira. Ankaipukuta m'mawa uliwonse ndipo sankalola munthu ngakhale kuitsamira.

Mwana wawo wamkazi atatsala pang'ono kukwatiwa, panafunika wokatenga bambo kumudzi. Alamu sakanachoka, chifukwa ankadikira alendo akuchimuna obwera pa sitima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, makiyi ali m'manja.

"Alamu, iyi si lole," anatero. "Volante yake ndi ina. Tiyeni muyambe mwaiyesa pabwalo pompano."

Volante ndi mmene a ku Cuamba amatchulira chiwongolero. Ndinaseka. Ine woti ndinakwezapo simenti pa zitunda za ku Ngauma, n'kumauzidwa za kagalimoto! Ndinaliza injini, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Pofuna kukhota ndinakoka chiwongolero ndi mphamvu zanga zonse monga ndinazolowera. Mayo ine! Galimoto inangoti zungulu, mphuno yake n'kuloza pamene azimayi ankasenda anyezi a paukwati. Amayi aja anabalalika, mabeseni uko, zitenje uko. Ndinaponda buleki.

Alamu anafika pawindo manja ali kumutu. "Ndati chiyani ine? Mukamayenda pang'onopang'ono, musamalimbane nayo. Mukangoipotoza pang'ono, matayala akhota kwambiri. Koma mukathamanga imasintha yokha. Imalimba, ndipo kupotoza komweko kumangokhotetsa matayala pang'ono. Imadziwa liwiro lanu."

"Chitsulo n'kudziwa liwiro?"

"Mukaona nokha kumsewu."

Ndinanyamuka m'mawa wotsatira. M'tauni munali kale njinga za makala, mbuzi ndi anthu opita kumsika, koma ndinkawalambalala ndi zala zokha. Pokhotera kumsewu wa ku Mandimba sindinasinthe n'komwe manja pachiwongolero. Ndinangopendeketsa dzanja, basi galimoto yakhota kale. Ndinayamba kuseka ndekha.

Kunja kwa tauni kunali chigawo chowongoka chimene anali atangochisalaza kumene. Ndinaponda mafuta. Apo ndiye ndinamva zimene alamu ankanena. Chiwongolero chija, chimene chinali chopepuka ngati chikho, chinayamba kulemera m'manja mwanga pang'onopang'ono, ngati munthu wina wachigwirira pansi kuti andithandize. Galimoto inangoti nga! pakati pa msewu. Pa lole ukathamanga unkangokhalira kuwongola, uku ndi uku, chifukwa inkayendayenda ngati woledzera. Iyi ayi. Ndinayesa dala kugwedeza dzanja pang'ono, iyo inangosuntha mwaulemu, osadzambatuka. Nditafika pa kamlatho kamatabwa n'kuchepetsa liwiro, chinafewanso. Ndinathamanganso, chinalimba. Ndinachita zimenezi kangapo ngati mwana wapeza choseweretsa, kwinaku ndikuimba mokweza nyimbo za kutchalitchi, fumbi lili kobo kumbuyo.

Ndinafika ku Itepela dzuwa litapendeka. Bambo anatuluka m'munda wa chinangwa, naizungulira galimoto ija kawiri manja ali kumbuyo.

"Wabwera nayo wekha kuchokera ku Cuamba? Nanga bwanji sukuoneka wotopa?"

"Bambo, galimoto iyi sitopetsa. Mawa mudzaona."

Kutacha tinanyamuka, iwo atavala jekete lawo la ukwati, nkhuku ziwiri za mdzukulu zili kumbuyo. Njira yonse maso awo anali pa manja anga. Titadutsa Mandimba, anatsokomola.

"Ukuchita ulesi pokhota. Ndinakuphunzitsa choncho ine?"

Ndinaima pambali, n'kutsika. "Bwerani muone nokha."

Anakana kaye. Anati mapewa awo anatha kalekale, moti ngakhale khasu linkawavuta, komanso galimoto ndi ya eni. Koma ankanena zimenezi akutsegula kale chitseko. Pafupi panali bwalo la mpira lopanda anthu, ndipo ndinawauza kuti ayambire pamenepo.

"Musakoke, bambo. Ingoigwirani ngati mukugwira kapu ya tiyi."

Anakoka basi. Galimoto inazungulira pomwepo, nkhuku kumbuyo kuli kweee! Bambo anatsegula pakamwa, kenaka anaphulika kuseka, kuseka koti sindinakumvepo chimwalirireni mayi. Anazunguliranso, ulendo uno ndi dzanja limodzi. Anazungulira chigoli cha uku, nakazungulira cha uko, akufuula m'Chiyao ndi m'Chinyanja momwe.

"Iwe! Mapewa sakumva kanthu! Anaikamo chiyani anthu amenewa?"

"Lowani mumsewu, muthamange pang'ono. Simunaone kanthu."

Analowa. Liwiro litakwera, ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anasiya kuseka, nagwira ndi manja awiri, mutu utapendekeka ngati akumvetsera munthu wonong'ona.

"Chalimba," anatero motsitsa mawu. "Chalimba chokha, mwanawe. Ikundiletsa kuchita zopusa."

Anayendetsa mtunda wautali ndithu, akuchepetsa ndi kuwonjezera liwiro monga ndinachitira ine dzulo lake. Tinapitirira shapa, minibasi ya kumeneko, yodzaza anthu ndi matumba a usipa wa ku Amaramba, iwo n'kuiimbira hutala, chikhalirecho sinawatsekereze n'komwe. Anandibwezera mpando titayandikira Cuamba, ati sankafuna kuti akamwini awo, eni galimoto, awaone akuyendetsa.

Tinalowa pabwalo anthu ali piringupiringu, ndipo ndinaiimika bwinobwino pakati pa mtengo wa mango ndi migolo ya madzi, malo oti lole sikanayerekeza. Alamu anathamanga kudzaiyendera mbali zonse. Atapeza kuti palibe pokalika, anapumira m'mwamba n'kupita kukapereka moni kwa bambo.

"Mwayenda bwanji, bambo? Sanakuopsezeni mwana wanuyu panjira?"

"Ameneyu? Amayendetsa bwino," anayankha bambo nkhope ili duu. "Koma galimoto yanuyi, mukafika pa liwiro lalikulu, imakokera pang'ono kumanzere. Mukaonetse tayala lakutsogolo."

Alamu anayang'ana bambo, nayang'ana ine. Achemwali anga anayamba kuseka mpaka kukhala pansi. Lolemba ukwati utatha, alamu anapita nayo kwa makaniko, ndipo anakapezadi kuti tayala lija linali ndi mpweya wochepa.