Masau a ku Dubai

Achemwali, lero kupaki ya kuno ku Deira mwana wa abwana amene ndimalera anatola kachipatso pansi n'kuponya m'kamwa. Mitengo ya kuno sindiidziwa, ina ndi yapoizoni, ndiye mwana wa eni atafera m'manja mwanga ndingathawire kuti? Pomwepo ndinakumbukira tsiku lija ku Chikwawa mutandimenya padzanja ndikutola chipatso kutchire. Munati, "Iwe, usamathamangire kudya, uziyamba waona tsamba ndi minga." Choncho ndinathothola kanthambi ka mtengo umene unagwetsa kachipatsoko n'kuyang'anitsitsa: mitsempha itatu patsamba, munga wina wowongoka, wina wokhota. Masau, achemwali!

Mwana ali bwino. Munandiphunzitsa mitengo ya kwathu yokha, kenako n'kutisiya. Nanga mawa akatola china, ndidzafunsa ndani?