Chithunzi cha pakhonde la ku Area 10

Ndinamuona koyamba pa depoti ya mabasi ku Old Town, chaka cha 1974. Mvula inali itangokata, iye ataima pamwala, akuopa kuponda matope ndi nsapato zake zoyera.

Anzanga, ine ndine Lexon, kwathu ku Mitundu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, choncho akundilembera izi ndi mwana wanga Immaculata, namwino. Ndamuuza kuti asasinthe ngakhale liwu limodzi. Ndi iyeyu amene sabata yatha anafukula envulopu ya zithunzi zakale pansi pa sutikesi yanga.

Tibwerere pa depoti paja.

"Chemwali, mukhala pamwalapo mpaka chilimwe?" ndinamufunsa.

"Ngati mulibe mlatho, pitirirani ulendo wanu," anayankha.

Ndinatola njerwa zitatu n'kumuyalira. Anaseka, nawoloka. Dzina lake Tabitha, wa ku Rumphi, mtayipisiti. Ofesi yawo inali itangosamuka kuchokera ku Zomba, chifukwa likulu linali kubwera ku Lilongwe.

"Nanga inu mumagwira ntchito yanji?"

Ine ndinali wopaka penti. Koma tsikulo linali Lamlungu, ndinali nditavala tayi ya msuweni wanga, ndipo mtsikanayu ankanunkhira sopo wodula.

"Ndine kalaliki," ndinatero.

Pakamwa panga pomwe, anzanga. Palibe anandikakamiza.

Miyezi isanu tinakondana. Loweruka lililonse tinkayenda kukaona maofesi akumangidwa ku City Centre, tikudya chimanga chootcha. Ndisanakumane naye ndinkasamba m'manja ndi parafini mpaka khungu kuwawa.

Tsiku lina anati, "Lexon, amalume anga a Norman akufuna kukuonani. Ndi amene anandilera. Akadali ku Zomba, ndiye tiwatumizire chithunzi. Tijambulitse kunyumba kwanu."

Kunyumba kwanga! Ine ndi anzanga tinkagona anthu anayi m'chipinda chimodzi ku Mchesi.

Nthawi imeneyo tinkapaka nyumba zatsopano za akuluakulu a boma ku Area 10, ndipo kapitawo ankandisungitsa makiyi. Ndinasankha imodzi ya khonde lalikulu. Ndinaitana Mikaili, wojambula wa kumsika, nabwera panjinga kamera ili m'khosi.

"Tilowe ndione m'kati," anatero Tabitha.

"Penti sinaume, mungadetse diresi. Katundu ndiika mwezi wamawa."

Mikaili ankandidziwa bwino. Anangotsokomola.

"Bwana kalaliki, kwezani makiyiwo aoneke. Amayi, sunthirani kuno... Musaphethire, filimu yatsala kamodzi!"

Patapita milungu iwiri chithunzi chinatuluka. Tabitha anachipsompsona, nachitumiza ku Zomba. Amalume anayankha kuti mnyamatayo akuoneka waulemu, ndipo tidzakambirana iwo akasamukira ku Lilongwe.

Ndinkati ndimuuza zoona. Loweruka lililonse ndinkati ndimuuza.

Lachiwiri lina m'mawa, kapitawo anandituma kukamaliza mawindo a nyumba yomwe ija, chifukwa eni ake ankafika tsiku lomwelo. Ndili pamakwerero, ovolosi ili mbuu ndi penti, lole yodzaza mipando inalowa. Kutsogolo kunatsika bambo wa jekete. Pambuyo pake, Tabitha.

"Amalume, adalaivala asokera," ankatero. "Ino ndi nyumba ya Lexon!"

Bambo uja anatulutsa kalata ya boma, nawerenga nambala ya pachitseko. Kenako anapisa m'thumba la jekete natulutsa chithunzi chathu. Anayang'ana chithunzi, nayang'ana khonde. Ndiyeno anakweza maso.

"Young man, tatsikani."

Ndinatsika.

"Ndinu a kalaliki aja?"

"Ndine, bwana."

"Chabwino. Popeza nyumbayi mukuidziwa kuposa ine, thandizani anyamatawa kulowetsa katundu. Musamale makoma, penti ndi yatsopano."

Sanakalipe. Bola akanandimenya.

Ndinanyamula mipando, bedi, wayilesi, kudutsa pakhonde lomwe lija. Tabitha anaima pomwe anaima tsiku lojambulitsa, osasuntha. Nditatsitsa bokosi lomaliza ndinamuyandikira.

"Tabitha, ndimaopa kuti..."

"Onetsani manja anu."

Ndinamuonetsa. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo anga anali kalipentala," anatero. "Manja awo anali oipa kuposa awa, ndipo ndinkawanyadira. Inu munandiyesa munthu wotani, Lexon? Miyezi yonseyi ndakhala ndikukonda kalaliki amene kulibe. Inuyo sindikukudziwani."

Anatenga chithunzi chija kwa amalume ake, nachiika m'thumba la ovolosi yanga, nalowa m'nyumba.

Ndinapita ku ofesi kwawo katatu, mlonda akundibweza. Chaka chotsatira Tabitha anakwatiwa ndi mphunzitsi. Ine ndinakwatira mayi ake a Immaculata, mkazi wabwino amene anatisiya zaka zisanu zapitazo. Sindinawanamizepo ngakhale kamodzi, koma za Tabitha sindinawauze.

Immaculata ataona chithunzicho anachijambula pa foni, nachikulitsa ndi zala.

"Adadi, mayiwa sakuyang'ana kamera, kapena nyumba. Akuyang'ana inu."

Zaka makumi asanu ndachisunga, koma ine sindinaonepo zimenezo. Ndinkangoona makiyi aja.

Ndinamupempha Immaculata kuti andifunsire za Tabitha kwa anzake a ku Rumphi, mwina ndingapepese ndisanafe. Yankho labwera dzana. Tabitha anamwalira chaka chatha, mwezi wa Juni.

Anzanga, burashi imene ndinkachita nayo manyazi yaphunzitsa ana anga anayi mpaka ku koleji. Nyumba zambiri za ku Area 12 zinadutsa m'manja mwangamu. Palibe chimene ndikanabisa.

Tabitha akanandilandira ndi penti yanga yomwe. Amene sanamukhulupirire mnzake ndine.