Wa Nsapato Sakwera

Akalipentala ali ndi zaka 67. Mkazi wawo anamwalira kale. Amakhala ndi mdzukulu mmodzi, mtsikana amene aliyense amamutcha Kanyerere chifukwa cha kuchepa thupi.

Zaka zinayi zapitazo alamu awo, mlongo wa malemu mkazi wawo, anamanga mpanda kuzungulira damu la pafamu pawo kuti mabanja azibwera kudzasewera ndi ana Loweruka. Akatungwe asanu ndi thabwa lotsetserekapo anakhoma ndi Akalipentala. Iwo katungwe sayeza ndi tepi. Amakhazika mwana pathabwa n'kuona pamene zala za kumapazi zikukhudza pansi. Katungwe wapakati anamuyezera pa miyendo ya Kanyerere, ndipo mwanayo ankamutcha wake.

Tsiku lotsegulira panadzaza magalimoto. Kanyerere anathamangira katungwe wake uja. Asanapite m'mwamba n'komwe, alamu anamugwira pamkono alendo akuona.

"Iwe, tsika! Wopanda nsapato salowa muno. Undithawitsira alendo."

"Alamu, mwanayo ndi magazi a mlongo wanu," anatero Akalipentala.

"Magaziwo muwagulire nsapato."

Alendo ena anaseka. Akalipentala anatola sowo ndi hamala, mwana kumsana, ulendo.

Tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi geti la famuyo, Akalipentala ali ndi kamunda ka miyala kosabereka kanthu. Anadula mitengo ya bulugamu n'kuizika pamenepo. Katungwe wawo anamutalikitsa kuposa mpanda wa alamu, mwadala, kuti mwana akauluka azioneka kwa ali m'kati. Gudumu la ngolo yakale analigoneka pachitsa likhale chozungulira. Matayala akutha anawakwirira theka kuti ana azidumpha. Salipiritsa munthu. Lamulo ndi limodzi, lolembedwa ndi penti yofiira pathabwa: WA NSAPATO SAKWERA.

Ana a m'mudzi anadzaza. Ana a m'kati mwa mpanda ankangoona mapazi a fumbi akutulukira pamwamba n'kubisala, phokoso la chimwemwe lili tsidya lina. Anayamba kulira. Makolo akatopa ankawoloka nawo msewu, n'kuwavula nsapato. Loweruka lililonse pansi pa mtengo wa mango pankakhala mulu wa nsapato.

Mvula itadutsa kawiri, akatungwe a pafamu anayamba kugwedera. Mmisiri wina anakhoma misomali pofunika mabawuti, matabwa n'kung'ambika. Alamu anatuma mkazi wawo kudzapempha kuti akakonze.

"Mukawauze kuti ndilibe nsapato zolowera," anatero Akalipentala, osasiya kunola sowo.

Patchuthi kunabwera mdzukulu wa alamu wochokera m'tauni. Analirira katungwe wamtali masiku awiri. Tsiku lachitatu masana alamu anawoloka naye msewu.

"Alamu, zakale zija zithe. Uyu ndi mwana," anatero mwini famuyo.

Akalipentala anati, "Ujanso anali mwana. Uyu akwera, alibe mlandu. Koma womukankha nayenso avule."

"Pamiyala pano? Dzuwa limeneli?"

"Ife tinazolowera."

Mwana anali atavula kale, wakhala pathabwa, akuyang'ana agogo ake. Alamu anawerama n'kumasula zingwe za nsapato. Mapazi awo anali ofewa ngati a khanda.

"Kanyerere," anaitana Akalipentala, "tenga nsapato za agogo akowo ukaponye pamulu."

Anakaponya. Alamu anakankha katungwe akupondaponda ngati nkhuku yopsa miyendo, makolo onse akuonerera. Akalipentala anakhala pachitsa, manja pamawondo.

"Mwamphamvu, alamu. Sanaonekebe kwanu uko."

Mwanayo anakana kutsika mpaka ola litakwana. Palibe anamufulumizitsa.

Lero mumpanda muja mumagona mbuzi. Kanyerere ali ndi nsapato mapeyala awiri, ndipo katungwe anasiya, akuti ndi za ana. Akalipentala ndi alamu awo salankhulana. Thabwa la lamulo lija Akalipentala amalipakanso penti chaka chilichonse.