Mfuko ya Kuseri kwa Golo

Bambo anga ankasamalira bwalo la mpira la fakitale ya nsalu. Ankatchetcha kapinga, kuthirira, kulemba mizere ndi laimu, komanso kupha mfuko. Pa ntchito yomalizayi anali katswiri, ngakhale ankaigwira monyinyirika.

Mfuko sifuna mphepo m'nyumba mwake. Bambo akapeza kamulu ka dothi latsopano ankafukula pang'ono, n'kusiya una uli pululu, iwo n'kukhala chete pambali. Posakhalitsa dothi linkagwedezeka, mwini wake akubwera kudzatseka khomo, ndipo khasu linkatera pomwepo. Akapha ankaitembenuza ndi chala n'kuyamba kutilalikira: onani mano ali kunja kwa milomo kuti pokumba isamameze dothi, pansipa ili ndi chipinda chogona, nkhokwe ya mizu, ndi chimbudzi chapachokha. "Yaukhondo kuposa inu," ankatero. Koma kuti adziwe kalasi imene ife tinali, ankachita kufunsa amayi.

Mlongo wanga, wopondana nane, sukulu inamukana. Khasu lake unali mpira. Mwendo wake wamanzere unkaimitsa anthu opita kumsika, mpaka dzina lake lenileni linaiwalika, aliyense ankangoti Kamanzere. Timu yaikulu inalonjeza kutumiza mphunzitsi wake Loweruka lina kuti adzamuone, ndipo tonse tinkadziwa kuti mwayi wotere subwera kawiri.

Sabata imeneyo timilu tinatulukira kuseri kwa golo. Bambo atafukula anapeza chisa cha udzu, muli tiana tofiira topanda ubweya. Anakwirira bwinobwino, n'kusalaza timilu tija kuti kapitawo wa pafakitale asaone. Madzulo anadzatiuza ngati nkhani yabwino.

"Kaipheni," anatero amayi. "Mwana wanu akathamanga pamenepo."

"Ili kunja kwa mzere, mayi," anayankha bambo. "Yoyamwitsa sipita patali."

Inapita. Loweruka lija Kamanzere anadutsa anthu awiri, n'kuponda pafupi ndi golo kuti amenye. Kapinga anali wosalala ngati mphasa, koma pansi pake panali mphako. Phazi linalowa, thupi n'kupitirira. Kuthyoka kwa fupa ndinakumva ndili kunja kwa waya. Mphunzitsi uja anapukusa mutu n'kupita kukakwera galimoto yake.

Ku chipatala bambo anakhala m'mphepete mwa bedi, chipewa chili m'manja. Ndinkayembekezera kuti apepese. M'malo mwake anati, "Yoyamwitsa imamva njala kwambiri, mwananga, ndiye inaboola njira yatsopano kufuna mizu. Sikuti inalakwa." Mawu amenewo sindinawakhululukire mpaka lero, ndipo sindikuona chifukwa choti nditero.

Mwendo unapola mokhota. Kamanzere anadzalembedwa pa fakitale yomweyo, amapinda nsalu atakhala pampando, ndipo popita ku ntchito amazungulira njira yaitali kuti asadutse pabwalo. Za tsiku lija sanazitchulepo kwa zaka zambiri. Bambo anapuma ntchito, maso anachita khungu, koma akamva kuti m'dimba mwa wina mwalowa mfuko amadzuka ngati mnyamata.

Chaka chatha tinakumana tonse kunyumba amayi akudwala. Tili pakhonde, mlongo wanga anafunsa modekha, akusisita bondo lake.

"Bambo, tiana tija tinakula?"

Nkhope ya bambo inawala, ndipo anayankha asanaganize.

"Tonse, mwananga. Sikanafe ngakhale kamodzi."

Kamanzere anatenga ndodo yake n'kuchoka, osatsanzika.