Njinga Inadya Saladi wa Atate

Mwamuna wanga anali wamitala: ine ndi njinga yamoto. Ine anandikwatira kutchalitchi, njingayo anaigula kwa mzungu wina wa ku Kabulonga amene ankabwerera kwawo. Pa awirife, amene ankapukutidwa ndi kansalu kofewa m'mawa uliwonse sanali ine.

Tinkakhala ku Kabwata m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene mashelefu a m'masitolo a boma ankakhala aukhondo kwabasi, opanda katundu wowadetsa. Ukaona anthu aima pamzere unkayamba waima nawo, zofunsa chimene chikugulitsidwa zinkabwera pambuyo. Mafuta ophikira, amene ku Lusaka timati saladi, ndiwo anali osowa kuposa zonse.

Tsono kunabwera uthenga woti atate anga akubwera kuchokera ku Katete kudzaona mmene ndikukhalira. Ukwati wathu sanausangalalire chiyambire. Ankafuna ndikwatiwe ndi mphunzitsi wa kwathu komweko, ndipo za mwamuna wangayu ananena poyera kuti munthu wokonda zitsulo adzandidyetsa utsi. Mawuwo ankandiwawa. Ndinalumbira kuti atate adzadya nkhuku yokazinga m'nyumba mwanga, yofiira bwino, mafuta akuchita kuyenderera m'zala, kuti akanene kumudzi kuti mwana wawo sanataike.

Ndinapita m'tauni ndi mwana kumsana, n'kuima pamzere mpaka miyendo inachita dzanzi. Anyamata a chipani ankasunga bata, ndipo ankalisungadi, makamaka polowetsa zibwenzi zawo kutsogolo kwinaku akutiphunzitsa enafe za kukondana. Ndinatuluka ndi botolo limodzi, nsapato ina itaduka. Kunyumba ndinalibisa m'sutikesi pansi pa bedi, pakati pa zovala zaukwati.

Masiku omwewo mkazi mnzanga uja anayamba kudwala. Kutsogolo kwa njinga kuli mipaipi iwiri yogwira gudumu, amati mafoloko. M'kati mwake mumakhala mafuta oti njinga isamagunde ikalowa m'dzenje, ndipo mafutawo amatsekeredwa ndi timphete talabala totchedwa masili. Timphete timeneti tinali titauma n'kung'aluka. Mafuta akuda ankatsika m'mipaipi ngati mamina a mwana, mpaka kukalowa m'mabuleki. Mwamuna wanga anasiya kudya bwino. Ine nditadwala malungo chaka chomwecho ankadya mpaka kupempha zina.

Anazungulira masitolo onse a m'tauni, masili osawapeza. Neba wathu, Mbemba wina amene ankakonza magalimoto, anasuzumira pampanda.

"Shani ba neba? Masili ya iyi njinga kulibe mu Zambia yonse. Dulani chabe chubu yakale, muzayenda."

Tsiku loti atate afike, m'mamawa, ndinapeza khonde langa lasanduka galaja. Gudumu lakutsogolo lili apo, njinga yakhalira mtondo wanga, mipaipi yasololedwa. Mafuta akale anawakhuthulira m'beseni losambitsira mwana. Anatokosa masili akufawo ndi mpeni wanga wa ndiwo, n'kupala dzimbiri la pamipaipi ndi sandipepa mosamala ngati akumeta khanda. Kenako anadula timphete pa chubu, n'kutikulunga ndi ulusi wanga wosokera, n'kutikhomera m'malo mwake ndi kachidutswa ka paipi.

"Imwe, atate afika masana," ndinatero.

"Ndiye chifukwa chake. Apongozi sangakwele minibasi monga munthu wamba. Nizabatenga neka ku sitesheni."

Ndinawasiya, ndinapita kumsika kukagula nkhuku. Chimene sindinadziwe n'chakuti mafuta a m'mafoloko nawonso kunalibe mu Zambia yonse.

Nditabwerako, njinga inali itapita. Ndinapha nkhuku, kuisosola, kuidula bwinobwino, n'kukoka sutikesi. Botolo linalimo ndithu, lotsekedwa mwaulemu, lobwezeredwa pamalo pake pakati pa zovala. Pansi pake panatsala timadontho tongokwanira kudzoza milomo. Ndinakhala pansi n'kulira, osati misozi yachisoni ayi, yaukali. Neba uja anandimva, n'kubwera kudzanditonthoza.

"Osalila ba mayo. Saladi ni mafuta yabwino maningi, njinga izayenda smooth."

Ndinamuthokoza chifukwa cha nzeru zakezo m'mawu amene mayi wa chigwirizano cha kutchalitchi sayenera kuwadziwa. Kenako ndinaika nkhuku pamoto ndi madzi ndi mchere, ngati chakudya cha wodwala.

Ndinawamva asanafike. Njinga inalowa m'kanjira kathu ikununkha ngati pamalo okazingira zitumbuwa, agalu awiri akuitsatira mwachiyembekezo. Masili a chubu aja anagwira ntchito mokhulupirika kuchoka pa sitesheni ya Kamwala mpaka pa dzenje loyamba. Kuchokera apo, dzenje lililonse linkafinya saladi wanga, mphepo n'kumamwaza m'mbuyo. Mwamuna wanga anali wonyezimira kuyambira m'maondo mpaka kunsapato. Atate, amene anakhala kumbuyo atakumbatira chikwama, buluku lawo loyera la kutchalitchi linali mathothomathotho.

Anatsika pang'onopang'ono. Ndinagwada kuwalonjera, maso anga ali pa bulukulo. Iwo anapaka chala pabondo, n'kununkhiza, n'kulawa. 

Patebulo ndinawaikira nkhuku yotuwa ija, ikusambira m'madzi ake. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana buluku lawo, n'kuyang'ananso nkhuku.

"Mwana wanga, ukanandiuza ndikanavula bulukuli tifinyire mumphika."

Mwamuna wanga anatsamwa. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Ndinadziwa kuti nkhani yatha: akanena ku Katete kuti mawu awo aja anapherezera, ndipo mphunzitsi uja akamva. Atate anatafuna nyama ija, kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo.

"Botolo linali limodzi?"

"Limodzi, atate."

"Ndiye munathira lonse kuti mukanditenge ine?"

"Lonse, atate."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Atasamba m'manja anatuluka panja, mkamwini ali pambuyo. Posakhalitsa ndinawaona pazenera onse awiri atanjuta pambali pa njinga, atate atagwira sipanala, akulangiza kuti chubu n'chofewa, chikopa cha lilime la nsapato ndicho chingagwire. Madzulo asanafike, nsapato zanga zaukwati zinali zilibe malilime.

Tsiku lobwerera anakana njinga, anati buluku latsala limodzi. Ndinawaperekeza wapansi kokwerera minibasi. Tili m'njira anati:

"Mwamuna wakoyu ndi chitsiru. Koma munthu wothira chakudya chake m'chitsulo kuti mpongozi asayende pansi, ndi chitsiru chaulemu. Khala naye."

Amenewo ndiwo mawu amene ndinawadikira chikwatiwire, amene ndinawaimira pamzere ndi mwana kumsana. Ndipo anaperekedwa kwa munthu amene anandibera saladi.

Mlungu wotsatira kunamveka kuti saladi wafikanso m'tauni. Chitsiru chaulemu chinali kalikiliki ndi mafoloko. Pamzere ndinakaima ndekha, ndipo botolo limenelo ndinakalisungitsa ku Chilenje, kwa mkulu wanga.