Dzina la Bambo Pabwalo la Boma

Ndinali ndi zaka ngati khumi, pakuti kalelo ndani ankawerenga zaka? Tinkakhala kwa Mbenje, ine ndi mayi awiriwiri. Bambo anga a Zuze, msodzi wa milamba, anawatenga pa nkhondo ya Jeremani kukasenza mtengatenga, ndipo sanabwerenso. Mnzawo amene anabwerako anati anawakwirira m'tchire atafa ndi kamwazi, ndipo patapita masiku awiri kunamveka kuti nkhondo inatha dzana. Aphunzitsi a ku mishoni atawerenga ndi zala, anapeza kuti bambo anafa tsiku lomwelo nkhondo inatha, pa 11 Novembala.

Choncho tsikulo linali ndi eni ake awiri. Ku boma, ku Port Herald komwe lero timati Nsanje, ankaliza lipenga, anthu n'kuima chete mphindi ziwiri kukumbukira akufa. Kwathu mayi ankanditenga kupita kudooko, n'kukhala pa bwato la bambo lomwe linali litayamba kufumbwa, akundiuza za iwo mpaka dzuwa kupendeka.

Chaka chimenecho aphunzitsi anandisankha kukaimba ku boma. Ine, mwana wonunkha utsi wa nsomba, anandibwereka diresi loyera! Ndinkayenda ngati pansi sindipondapo.

"Nanga kudooko, mwanawe?" anafunsa mayi.

"Bwato silithawa, amayi. Lero ndi tsiku la anthu akuluakulu."

Mayi anangondikonza kolala.

Ndimalikumbukirabe dzuwa la tsikulo, lija la Novembala lowotcha mchenga mpaka mapazi kuvina okha. Mango anali atapsa, ntchentche zili ng'waa. Tinaimba, ndipo kunena zoona tinaimba bwino. Kenaka mzungu wina anawerenga maina a akufa papepala. Ndinatchera khutu, koma onse anali maina achingerezi. Lipenga linalira, bwalo lonse n'kuti zii.

M'kati mwa bata limenelo ndinamva mawu ochokera kuseri kwa mpanda.

"Zuze! Zuze wa kwa Mbenje!"

Anali mayi. Anayenda ulendo wonse uja pansi, atavala nsalu yawo yakuda yothetheka, mutu uli mbuu ndi fumbi. Sanalire ayi, anangotchula ngati mmene ankawaitanira bambo kudambo chakudya chikapsa. Mayi wina pambali pawo anatchulanso dzina la mwamuna wake, winanso la wake, ena m'Chisena ena m'Chimang'anja. Mesenjala wa boma anathamangira komweko atakweza chikoti, ndipo anawagwira mayi padzanja n'kuyamba kuwakankhira kumsewu.

Mtsikana amene anaima pafupi nane anandigunda ndi chigongono. "Iwe, si amako aja?"

Maso a mayi anali pa ine. Ndinayang'ana diresi loyera lija, ndinayang'ana aphunzitsi, kenaka ndinapukusa mutu.

"Sindiwadziwa."

Ndinawapeza madzulo atakhala pansi pa mtengo wa masawu m'mbali mwa njanji, akundidikira kuti tibwerere limodzi. Dzanja lawo linali litatupa. Ndinkayembekeza mbama, ndipo ndikanailandira mokondwa. Koma iwo anatulutsa mango awiri pamfundo ya nsalu, n'kundipatsa lalikulu.

"Unaimba bwino, mwananga. Mawu ako ndinawamva pa onse. Ndi a bambo ako enieni."

Ndinangolifumbata bango limenelo osalidya. Tinayenda mpaka kwathu, iwo patsogolo ine pambuyo.

Lero ndakalamba, njanji ija inamera udzu, ndipo amene ankawadziwa mayi anatha onse. Ndimawasowa kwambiri. Ndinazindikira mochedwa kuti tsiku silikhala la akuluakulu okha, ndi la aliyense amene linamulanda wake. Mayi anandikhululukira ndisanapemphe, ndipo chifukwa cha manyazi ndinkangoti ndidzapepesa mawa. Anamwalira chaka cha madzi osefukira ine ndili ku Blantyre, mawu ajawo ndikadali nawo m'kamwa.